Mkamwini Wosesa wa ku Mina

Tsiku limene ndinayamba kumuona Bertina, anali atagwada patchire, matako m'mwamba, mutu uli m'kati mwa chimgolo chachitsulo cha ku Mina, mgodi wakale wa golide, akukokolola zisa za makoswe ndi manja. Ine ndinkachokera kotola nkhuni. Chinali chaka chija anthu ankabwerera kuchoka ku Malawi nkhondo itatha, malole akungowatula pa Furancungo ngati matumba a fetereza.

"Amayi inu," ndinatero ine, "mukufunamo chiyani m'menemo? Muli njoka."

Anatulutsa mutu, kumaso kuli dzimbiri lokhalokha. "Njokazo zisamuke. Muno mugona nkhuku zanga."

"Nkhukuzo zili kuti?"

"Zibwera."

Analibe ngakhale mwanapiye. Anali ndi balde yotungira madzi, khasu, lona yabuluu yopinda, ana awiri, ndi mwamuna, a Laston, amene ankatsokomola kuposa kulankhula. Munda wa amayi ake anaupeza atalowamo kale abale ake omwe, aja amene, monga ife, sanathawe. Sindikunena kuti anaba ayi. Ndikunena kuti munda sudikira munthu. Ndiye akuluakulu anakambirana nkumupatsa ku Mina, malo amene aliyense ankawakana, nkumuuzanso kuti athokoze.

Inu a masiku ano mukamva Mina mumaganiza magetsi ndi malole. Yathu ino ndi maenje basi. Ili kuseri kwa Chidzolomondo, uyende mpaka mapazi akutukwane. Amayi anga ankanena kuti kalekale, makina asanabwere, okumba anali akazi, akapolo a azungu. Ankakumba ndi timakasu, nkumapera miyala pathanthwe ngati akupera mawere, amuna atangoima ndi mfuti kuwayang'anira. Mukapita kumtsinje mukaona matanthwe ali ndi timaenje tosalala, si mvula inachita zimenezo, ndi mikono ya akazi. Pambuyo pake kunabwera mzungu wa makina, anthu anamutcha Sakhuta. Zitsulo zake zinachoka ku Tete pamitu ya anthu a chibalo. Agogo anga aamuna ananyamulako, khosi linapendekera mpaka kumanda, bokosi anachita kukonza lokhota. Makinawo ankasinja miyala tsiku lonse, ufa wake akautsuka nkumautaya pamulu. Kenaka madzi anadzaza m'maenje, Sakhuta anatupa miyendo, anamunyamula pamachira, osabweranso. M'mudzi muno panalibe amene anamuonapo golide ndi maso, koma aliyense ali ndi mbale wake amene anafera golide.

Zimene anatisiyira ndi izi: chimgolo chija ankawiritsiramo madzi, gudumu lalikulu lomira theka m'nthaka, khoma lamiyala lopanda denga, ndi mitengo ya mango imene ndiyo yokha inagwirapo ntchito. Kanjanji kamodzi tinakapachika kutchalitchi, ndiye belu lathu. Maenje amameza mbuzi chaka ndi chaka, ndipo mbuzi iliyonse yobedwa amanamizira maenje omwewo. Tsiku lina kunabwera anthu a galimoto yoyera, atavala zipewa, anati zonsezi ndi património, chuma cha mbiri yakale, tisagwire. Anajambula gudumu, anadya mango, nkupita. Anatikhomera chikwangwani chamalata cholembedwa Chipwitikizi. Pano ndi chitseko cha khola kwa a Justino a m'mudzi muno, ndiye kuti património ndi nkhumba zawo.

Bertina sanafunse za património. Anaumba zidina yekha, a Laston akumuthandiza kutsokomola. Miyezi yonseyo ankagona panja pamphasa, lona ili chipindire. Ndinamufunsa bwanji osaimanga, mame akukupwetekani. Ndi pamene anandiuza. Ku msasa wa othawa nkhondo anakhala zaka pansi pa lona, masana ikuotcha, mvula ikagwa ikulira ngati ng'oma. Mwana wake woyamba anafera momwemo, akuyang'ana buluu ameneyo. Tsiku limene anamaliza kufolera nyumba, lona ija anaiponya m'dzenje lakuya, nkunena pamaso pathu: "Ine Bertina, mukadzandiona ndagona pansi pa lona, mudziwe kuti ndafa ndipo mwasowa nsalu."

Tsopano kuzira. Mkazi aliyense kuno amazira nyumba yake, amapita kudambo kukatapa mtsiro wakuda, kupaka pansi, kukhuluza ndi nkhulungo. Koma kudambo ndi kutali, ndipo mulu wa Sakhuta unali pakhomo pake penipeni, dothi loyererako, losalala ngati ufa, losamera ngakhale chisoso. Bertina anayamba kusakaniza limenelo ndi ndowe pang'ono. Abale inu! Pansi pankawala. Dzuwa likalowa pakhomo unkaona timaso tikuphethira. Loweruka lililonse ankazira, pamwamba pa za Loweruka lapita, chaka ndi chaka, mpaka pansi panakwera. Anthu aatali anayamba kugunda mutu pakhomo. Abambo mfumu a kutchalitchi anagundapo kawiri, kachitatu anadalitsira panja.

Akazi tinkapita kukaona nkumati ndi zokongola, pobwerera nkumati ndi matama.

A Laston anamaliza kutsokomola. Mwana wake Célia anakwatiwa ku Tete. Mlongo wake Ivan anapita ku Tsangano kukanyamula mbatata pa mota, njinga yamoto ija, amaimba foni akafuna nyemba. Bertina anatsala ndi nkhuku, zija zinabweradi, zodzaza chimgolo. Ndinkamumva madzulo akuzifunsa kuti zaswera bwanji. Ine ndinali kumadre wake, Célia ndinamunyamula ine paubatizo, ndiye ndinkadziwa kuti munthuyu kusungulumwa kukumudya, ngakhale pakamwa ankati ali bwino.

Zaka zapitazi kunagwa agarimpeiro, aja ofuna golide. Anyamata a mbali zonse, ena Chichewa chawo chomveka ngati akutafuna chingwe. Mmodzi anatapa dothi pamulu wa Sakhuta, kutsuka m'beseni, nkukuwa ngati walumidwa ndi nankalizi. Makina a mzungu uja akuti ankataya, sankatola zonse. Pronto, basi. Chilimwe chimodzi chokha mulu wonse unathera mumtsinje, madzi anasanduka phala, tinkachapa zovala zikutuluka zakuda kuposa polowa. Mulu utatha anayamba kukanda mitu. Ndiye wina wakamwa lalitali anakumbukira kuti theka la muluwo lili m'nyumba mwa Bertina.

Anabwera kudzagula. Anati tikumba pansi pokha, amayi, makoma tisiya. Bertina anafunsa: "Nanga inu ndikakuchotsani mapazi, miyendo nkuisiya, muima?" Anawathamangitsa ndi munsi mpaka pagudumu.

Kugula kutakanika, kunayamba chikondi.

Mkazi amene kuyambira maliro a Laston palibe mwamuna anamufunsapo ngakhale za mvula, mwadzidzidzi anakhala namwali. Ankabwera madala ometa bwino, ena amano awiri, atanyamula shuga. Wina anabwera ndi nkhuku, kwa munthu wa nkhuku zodzaza chimgolo. Onse ankalonjera Bertina maso ali pansi, zala zakumapazi zikukanda. Wina anagwetsa dala fodya wake kuti atole ndi dothi lomwe. Bertina ankalandira shuga nkuwaperekeza.

Kenaka anabwera a Felisberto. Anali telala pa feira, msika wathu uja, akazi awo anamwalira, munthu wovala jekete ngakhale mu Okutobala. Ine nditangowaona ndinadziwa kuti uyu ndiye njoka. Munthu aliyense wolowa m'nyumba ya Bertina amayang'ana pansi, ngakhale mwana. Iwo okha ankayang'ana kudenga. Ankayamika udzu, ankayamika mitengo, khosi lili chagada ngati nkhuku ikumwa madzi. Anamusokera bulauzi, osamuyeza, nkumukwana.

Ndinapita kukamuuza. Ine sindizungulira.

"Kumadre, munthu uja sakufuna inu. Akufuna pamene mwapondapo."

"Ndikudziwa, kumadre Ermelinda."

"Nanga?"

"Nanga chiyani? Aliyense anakwatiwa chifukwa cha kanthu. Inu a Eusébio anakukwatirani chifukwa cha dimba la bambo anu, mudzi wonse ukudziwa. Mwakhala nawo mpaka imvi."

"Dimba silikhala pansi pa bedi."

"Ndatopa kucheza ndi nkhuku," anatero. "Nkhuku siziyankha. Uyu ngakhale akunama, akuyankha."



Kwathu kuno mwamuna ndiye amatsata mkazi, amakakhala mkamwini pakhomo pake. A Felisberto mwambo umenewu anaukonda kwambiri, anati makolo anali anzeru. Tsiku la ukwati, pamaso pa ankhoswe, Bertina ananena lamulo limodzi: khasu, pikareta, fosholo, zonse zigona panja. M'nyumba mwake simulowa chokumbira. A Felisberto anagwira pamtima, maso kudenga, nkuti iwo ndi munthu wa singano.

M'mawa mwake tinamva tsache.

Mwamuna kusesa! Tinasiya mitondo kukaonerera. A Felisberto atavula jekete, atawerama, akusesa m'nyumba mofatsa ngati akumeta khanda. Osawaza madzi ayi, akuti madzi amaononga pansi. Kusesa m'mawa, kusesa masana, nkhuku ikangolowa kusesanso. Akazi anayamba kuusa moyo. "Taonani amuna a eni ake." Kumtondo, kuchigayo, nkhani inali yomweyo. Bertina ankakhala pakhonde atatambalala, akumwa tiyi wa shuga wa madala aja, nkhope ikuwala.

Koma ine ndili ndi maso. Zinyalala za nyumba iliyonse zimapita kudzala. Za a Felisberto zinkapita m'kathumba, kathumbako nkupita nawo kumtsinje, akuti kukasamba. Munthu wosamba ndi beseni lopanda sopo. Tsache loyamba linali laudzu. Lachiwiri linali la mapesi a kanjedza. Lachitatu ndinalinyamula tsiku lina kuti ndione kulemera kwake, m'kati munali mawaya a njinga.

Amuna a m'mudzi poyamba anakwiya, anati telalayu akutiyalutsa. Kenaka anazindikira kumene kathumba kankapita, nkukhala chete. Tsiku lina a Eusébio anga akundifunsa mwaulemu umene sindinaumvepo: "Mayi, kodi inu dothi lija la ku Mina simunazirireko kuno?" Ndinati sindikukumbuka, ndakalamba. Mawa lake ndinawapeza ndi tsache. Munthu amene zaka zonsezi ankaponda zitosi za nkhuku nkumaitana ine! Sabata isanathe mudzi wonse amuna anali akusesa, fumbi lili kobo, aliyense akubisa kathumba kwa mnzake.

Kwa Bertina pansi panayamba kutsika. Bedi linayamba kugwedera, anaika mwala. Abambo mfumu analowa osawerama, nkudabwa kuti kodi afupika. Bertina ankaona, si wakhungu. Loweruka anapita kudambo, mtunda wonse uja ndi miyendo yake yotupa, kukatenga mtsiro wakuda poti mulu unatha, nkuzira pamwamba. A Felisberto anadwala nazo mutu. Anati wakudawu ukuwapatsa chifuwa, nkuusesa masiku awiri mpaka woyera unaonekanso. Iye kuzira, iwo kusesa. Iye kuzira, iwo kusesa. Ndinati banja ndi limeneli, aliyense ali ndi ntchito.

Ndinamufunsa kuti mpaka liti. Anati, "Tsache silingagwetse nyumba, kumadre. Asese. Ndifa ine pansi pasanathe. Madzulo amandiuza nkhani za pa feira, ndimaseka." Ndipo ankasekadi, ndinkamumva.

Mvula yoyamba ili pafupi, Bertina anapita ku Furancungo kukatenga mankhwala a miyendo. Anati agona komweko kwa mbale wake, abwera mawa. Dzuwa lili pamutu ndinamva kwa Bertina kukugunda, osati tsache ayi. Ndinapita. Chitseko chotseka, kuseri kwa nyumba kuli matumba a fetereza odzaza, atatsamira khoma. Ndinasuzumira pazenera. A Felisberto ali chogwada, thukuta lili kamukamu, akutema pansi ndi chikwanje. Anayambira m'mbali mwa khoma, kumene tsache silinkafika, kumene dothi linali lochindikala. Anali atafika pa zidina zapansi, nkupitirira.

"A Felisberto, mukutani?"

"Ndikusesa, amayi."

"Tsache la masiku ano lili ndi mpini wachitsulo?"

"Musadandaule, ndibwezeramo la kudambo asanabwere. Sadziwa. Nanga ndidikira mpaka liti, amayi? Msana wanga watha. Ine ndi telala."

Ndinawauza kuti ayang'ane kumwamba, poti kumeneko ndiye amakudziwa bwino. Mitambo inali itada kale ku mapiri.

Inagwa yamkuntho. Madzi ochoka ku khoma la Sakhuta amatsetsereka kudzera kuseri kwa nyumba ya Bertina, zaka zonsezi ankangodutsa. Tsiku limenelo anapeza khomo. Analowa pansi pa zidina, ngodya ya kuchipinda inakhala pansi ngati munthu woledzera, denga linapendekera, udzu unatseguka pamwamba pa bedi penipeni. A Felisberto anathamangira ku misasa ya agarimpeiro nkubwera ndi chinthu atasenza pamutu. Ndinakuwa kuti ayi, chimenecho ayi, bola mphasa, bola masamba a nthochi. Sanandimve. Anakwera, anaiyala, anaimanga ndi luzi. Lona. Yabuluunso.

Bertina anaona mitambo ali ku Furancungo, mtima sunamukhale, anakwera mota. Anafika mvula ikukata, dzuwa lisanalowe, atanyowa mpaka mafupa. Anatsika, anaima. Anthu tinali tadzaza kale pansi pa mango. Ndinkayembekeza mfuu, ndinali nditabisa kale munsi. Koma iye anangoyang'ana lona ija nthawi yaitali, madzi akudontha pachibwano.

"Bambo," anatero, "tandionetsani golideyo. Ndabadwa, ndakalamba, sindinamuone."

A Felisberto anapisa m'jekete nkutulutsa kabotolo kaja ka mankhwala a jakisoni. Tonse tinatalikitsa makosi. Pansi pake panali kafumbi kachikasu, koti fodya wa m'mphuno wotsina kamodzi ndi wambiri.

"Kusesa konse kuja?"

"Ndimafuna ndikugulireni malata, mayi. Ndithu. M'matumbamo muli wambiri, tikatsuka..."

"Agogo a kumadrewa anathyoka khosi chifukwa cha aka? Akazi aja anaboola matanthwe chifukwa cha aka?" Anakagwedeza pafupi ndi khutu, sikanalire. Anawabwezera m'manja. "Tengani. Mwakagwirira ntchito."

Analowa m'nyumba, matope mpaka m'akakolo, nkutulutsa mutu wa makina osokera, nsapato, ndi bulauzi ija, nkuziika pakhonde. Kwathu kuno mkamwini akaona katundu wake panja safunsa tanthauzo. A Felisberto anati tidikire ankhoswe. Bertina anati ankhoswe akawapeza panjira. Kenaka anakwera yekha pamtondo, miyendo yotupa yomweyo, anadula luzi, anakoka lona, anaipinda bwinobwino nkuwasenzetsa pamutu.

"Iyi ndiye nyumba imene mwamanga. Pitani nayo."

Anapita, akuterereka, makina kukhwapa. Atafika pagudumu anacheuka, koma sanayang'ane Bertina, anayang'ana matumba. Bertina anaona zimenezo. Anapukuta kumaso ndi chitenje, akuti ndi mvula.

Ndinati tiyeni mukagone kwathu. Anakana. "Ndikachoka pano matumbawa amera miyendo." Ndipo ankanena zoona, amuna onse pansi pa mango anali akuwayeza ndi maso, a Eusébio anga patsogolo. Anatenga mphasa youma kwa ine, anapita kuchimgolo, anauza nkhuku kuti zisendere.

M'mawa tinasonkhana, akazi ndi mabeseni, amuna ndi nkhope zachisoni zobwereka. Tambala anatuluka, nkhuku zinatuluka, kenaka Bertina, chobwerera m'mbuyo, matako patsogolo, dzimbiri kumaso, monga tsiku lija ndinayamba kumuona. Anaimirira, anadziongola msana, nkuchotsa nthenga m'tsitsi.

"Ndagona bwino, musandifunse," anatero. "Chitsulo si lona. Amuna inu, Mina yatsekedwa, Sakhuta wachiwiri wapita. Mukufuna kugwira dothi langa? Ligwireni. Senzani matumbawo mulowetse m'nyumba, mukhuthule pamene linachoka, muponde ndi mapazi mpaka lilimbe, ngodya ija muimike lero. Potuluka musambe mapazi m'beseni langa, madziwo atsala konkuno."

Amuna anayang'anana, nkuyamba kusenza, poti akazi awo anali pomwepo. Iye anatembenukira kwa ife nkutsitsa mawu.

"Inu bwerani ndi nkhulungo Loweruka. Ndipo amuna anuwa akakufunsaninso ngati munazirirako dothi la ku Mina, muziti simukukumbuka. Mgodi uno chiyambire makolo sunatipatsepo kanthu ife akazi. Chaka chino watulutsa amuna osesa. Musautseke umenewo."